Paketi Yopanda Kanthu

Lolemba, 9 Juni

Tizipangizo tina tisanu tabwezedwa. Tonse pamodzi takwana 21 mwa tizipangizo 160 tomwe tinatumiza m'zipatala. Vuto ndi lomwe lija. Namwino amatulutsa kachipangizo mu firiji ya mankhwala, amadina batani kuti kasiye kuyeza kuzizira, n'kukalumikiza ku kompyuta ndi chingwe cha USB kuti aone ngati firiji sinatenthepo. Kompyuta imangoti duu. Kudikira mpaka kutopa.

Bwana Changu (lero anena kuti "changu" kasanu ndi kawiri, Wamtali woyesa zipangizo ndiye amawerenga) anatiitanira ku benchi ya Azakhali. Ananyamula kabolodi ka mkati mwa kachipangizo kamodzi n'kukayang'ana pa kuwala ngati akudziwa chomwe akufuna. Akuti, "Miyendo ya pulagi iyi sinagwire bwino." Azakhali anachotsa batire, anawotchereranso, anabwezera. Titalumikiza, kanagwira ntchito nthawi yomweyo. Bwana: "Mwaonatu?"

Azakhali anangotenga kabolodi kena. Zaka 19 akuwotcherera mabolodi. Si azakhali a munthu aliyense pano, koma tonse timawaitana choncho. Ndi iwo anandiphunzitsa kugwira kachitsulo kowotcherera nditangofika ndi digiri yanga yosadziwa kanthu. Ndinapsa chala tsiku loyamba, anayamba andiseka kenako anandimanga kansalu.

Mbali yanga ndi dalaivala, pulogalamu ya mkati mwa kachipangizo yomwe imayankha kompyuta ikafunsa. (Bambo a mwana mpaka pano amauza anzawo ku galaja kuti mkazi wawo ndi bwana, amalemba madalaivala.) Bwana anandifunsa pamaso pa onse, "Kwanuko kuli bwino?" Ndinati, "Kwanga ndinayesa kambirimbiri." Ndipo ndinayesadi.

Lachiwiri, 10 Juni

Azakhali auzidwa kuwotchereranso mabolodi 90 onse omwe ali m'shelefu. Chipinda chonse utsi wa mtovu wowotcherera. Sanapite ngakhale kukadya.

Wamtali wamva Bwana pa foni: chipatala china chataya mankhwala a firiji yonse. Magetsi anazima Loweruka, kachipangizo kathu kanakana kuwerengedwa, panalibe umboni woti mankhwala sanatenthe. Akuti anthu anabwezedwa pamzere.

Lachitatu, 11 Juni

Sindikudziwa ndiyambire pati.

M'mawa kanabwera kena. Ndinakatenga Azakhali asanachotse batire, basi kungofuna kuona ndi maso anga. Ndinakalumikiza kudzera pa kabokosi kathu koonetsa zonse zodutsa m'chingwe. Ndimayembekezera kuona zoduka-duka, monga zimakhalira pulagi ikamagwedera. Ayi. Zonse zinadutsa bwinobwino, mpaka paketi yomaliza. Kenako zii. Kachipangizo kamaliza kulankhula, kompyuta ikudikirabe.



Ndilembe pano kuti ndisadzadzinamize. Uthenga umapita m'mapaketi a mabaiti 64 (baiti ili ngati chilembo chimodzi). Kompyuta ikalandira paketi yosadzaza, imadziwa kuti basi, zatha. Koma uthenga ukakwana ndendende, paketi yomaliza n'kukhala yodzaza, pamafunika kutumizanso ina yopanda kanthu, yongonena kuti "ndamaliza." Apo ayi kompyuta imaganiza kuti kukubwera zina. Muyezo uliwonse ndi mabaiti 8. Ndiye miyezo ikakwana 8, 16, 24, zikatero basi, chaima. Kamodzi pa kasanu ndi katatu. Ndinawerengera: 160 kugawa ndi 8. Makumi awiri. Ife tili pa 22.

Ndipo Azakhali akachotsa batire, miyezo yonse imafufutika, kachipangizo kamayambira pa ziro, n'kugwira ntchito. Mtovu wawo unalibe mlandu kuyambira pachiyambi.

Ndinatsegula pulogalamu. Pamalo pake penipeni pali mawu anga, a chaka chatha mu Julayi: "paketi yopanda kanthu, ndidzabwerera pano." Sindinabwerere. Ndinkadziwa. Ndinaiwala. Poyesa ndinkangotumiza miyezo khumi nthawi zonse chifukwa khumi ndi nambala yokoma.

Ndinatseka laputopu. Azakhali anali kumbuyo kwanga, atawerama, akuwotcherera bolodi la nambala 40 mwina. Ndinawapatsa kachipangizo kaja m'manja mwawo ndekha. Anachotsa batire. Umboni unapita.

Ndinabwerera pa mpando wanga.

Lachinayi, 12 Juni

Nthawi ya tiyi Azakhali anabwera kudzakhala pa mpando wa pafupi nane, magalasi atsopano kumaso. Akuti dzulo poweruka anapita kokayezetsa maso.

"Andiuza kuti lakumanzereli layamba kufooka pang'ono. Pang'ono pokha akuti. Koma pang'onopo ndi pomwe pakutipweteka apa." Kenako anandigwira dzanja. "Mwanangu, undikhululukire. Iwe unakhetsa thukuta miyezi yonse ija kulemba zinthu zako, ine n'kukuonongera ndi manja anga okalambawa. Anthu akamanyoza kachipangizoka, akunyoza iwe."

Ine, wamanyazi ine, ndinati, "Musadandaule Azakhali, zimachitika."

ZIMACHITIKA. Ndinanena choncho.

Mawu anali pakhosi pompa. Koma Bwana analowa akufuna lipoti, ndiye ndinagwira mwayi womwewo ngati munthu womira. Tiyi ndinakataya kusinki.

Lachisanu, 13 Juni

Ndakonza. Timizere titatu. Mphindi khumi sizinakwane. Ndayesa ndi miyezo 8, 16, 64, 800, zonse zikudutsa ngati madzi. Chaka chathunthu, mankhwala a firiji yonse, maso a munthu, zonsezo pa timizere titatu.

Kenako ndinachita chinthu chonyansa kuposa cha Lachitatu. Zosintha zathu zonse zimasungidwa ndi dzina komanso chifukwa. Ndinaphatikiza timizere tangato ndi zina zokhudza kagetsi kofiira, n'kulemba pamwamba kuti "kukonza zing'onozing'ono." Mawu aja a chaka chatha ndinawafufuta. Maganizo anga: mwezi wamawa tikamaika pulogalamu yatsopano m'tizipangizo tonse, vuto lidzazimirira lokha, palibe adzafunse.

Masana Bwana anatisonkhanitsa. Kuyambira gulu lotsatira, mabolodi aziwotcheredwa ndi makina ku kampani ina. Azakhali asamukira kolongedza ndi kumata mapepala pa makatoni. "Sikuchotsedwa ntchito ayi, tisamvane molakwika. Tikungoteteza dzina lathu."

Azakhali anati, "Ndamva, bwana." Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi m'mphepete mwa juzi, kupukuta kosatha.

Ndiye taonani mmene zidzakhalire. Makina adzayamba, pulogalamu yanga yokonzedwa idzalowa nthawi yomweyo, vuto lidzatha, ndipo aliyense adzati zoonadi anali manja a Azakhali. Ndawakhomera msomali womaliza ndi dzanja langa.

Loweruka, 14 Juni

Ndimachapa pakhonde, Bambo a mwana akupukuta nsapato. Akuti, "Malaya amenewo wawatsukuluza kanayi. Alakwa chiyani?"

Ndinawauza zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, za mabaiti zomwe. Kenako: "Ndiye wakonza kale?" Eya. "Wina angadziwe?" Mwina ayi. "Ukanena, akuchotsa?" Sindikudziwa. Kenako anati, "Tili ndi mwana, mayi. Mayi ajawo ntchito sinawathere. Mwina ungozisiya."

Ndimafuna anene zomwezo. Atanena, zinandinyansa.

Patapita nthawi, ndikuyanika, anabwera kudzandigwirira chingwe. Akuti, "Kwathu ku galaja galimoto ikafa, wolakwa amakhala makaniko amene waigwira komaliza. Zinandichitikirapo ndili wachinyamata. Amene anaiwala kumanga nati ankadziwa, ankadya nane tsiku lililonse." Ndinafunsa kuti zinatha bwanji. "Sizinathe. Ndimamuonabe mumsewu. Amandipatsa moni wautali kwambiri."

Anabwerera ku nsapato zawo.

Lamlungu, 15 Juni

Mutu. Sindinatuluke. Ndalemba zoti ndikanene katatu, ndang'amba katatu.

Lolemba, 16 Juni

Benchi ya Azakhali yayera. Kachitsulo kawo akakulunga chingwe chake bwinobwino n'kukaika m'kabati. Iwo ali kuchipinda chakumbuyo kopanda windo, akumata mapepala. Ndinasuzumira. Pepala lililonse akuliyeza ndi rula kuti lisapendame.

Ndinalowa kwa Bwana kawiri. Koyamba anali pa foni. Kachiwiri ndinafunsa za tchuthi cha Ogasiti. Mantha amachititsa munthu zinthu zopusa.

Poweruka Wamtali anandipeza pa masitepe. Iye amawerenga zosintha zonse asanayese, ndinaiwala kuti ndi munthu wotero. Akuti, "Achemwali, zing'onozing'ono zanu za Lachisanu zija. Za kagetsi ndazimva. Nanga timizere titatu tam'munsi?"

Ndinati, "Ndikufotokozera mawa."

Anandiyang'ana kuchokera kumwamba kwakeko. "Ine ndamva kale zomwe timachita. Ndimangofuna ndidziwe ngati munene ndinu kapena ine." Anatsika osadikira yankho.

Ndikufuna kudzadziuza tsiku lina kuti ndikananena ndekha. Sindikudziwa ngati ndi zoona.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndanena.

Pa msonkhano wam'mawa, Bwana asanayambe, ndinapempha kuti aitane Azakhali. Ndinaika kachipangizo patebulo, ka pulogalamu yakale, kali ndi miyezo 8. Kulumikiza: kompyuta duu. Ndinakachotsa, ndinakasiya kayeze kamodzi, miyezo 9. Kulumikiza: zonse mbee pa sikirini. Sindinakhudze pulagi, sindinakhudze mtovu. Ndinabwereza ndi 16 ndi 17.

Kenako ndinafotokoza. Za paketi, za mawu a chaka chatha, za kufufuta, za "zing'onozing'ono." Ndinaona kuti ndikasiyako chimodzi, Wamtali ali pomwepo, komanso ndinali nditatopa kusenza.

Bwana sanakalipe, ndipo zinaopsa kuposa kukalipa. Anafunsa mafunso atatu okha: tizipangizo tingati tili kunja, tingakonzedwe komweko kapena tibwere, masiku angati. Kenako: "Mupita nokha chipatala chilichonse. Muyambira chomwe chinataya mankhwala, mukawauze ndi pakamwa panu. Kalata yanu yochenjeza muipeza mukabwera. Za dalaivala kuyambira lero palibe cholowa Wamtali asanasaine." Anatembenukira kwa Azakhali, anakanda pakhosi, akuti, "Mayi, zikuoneka kuti tinafulumira." Mawu oti pepani anawakanika. Ine ndilibe pakamwa powanenera.

Azakhali sanayang'ane Bwana. Anayang'ana ine.

"Unadziwa liti?"

"Lachitatu."

"Lachitatu." Anawerenga pa zala, pang'onopang'ono. "Ine ndinakupepesa Lachinayi."

"Eya, Azakhali."

"Unati zimachitika."

Ndinati pepani, kangapo, misozi ndi mamina, pamaso pa amuna onsewo. Anangogwedeza mutu, osati kuvomera, osati kukana. Anabwerera kuchipinda chakumbuyo n'kukamaliza makatoni omwe anayamba.

Lachitatu, 18 Juni

Ndinafika molawirira kudzalongedza zingwe ndi laputopu za ulendo. Ndinapeza Azakhali atakhala pa mpando wanga, chikwama pamiyendo. Kachitsulo kakadali m'kabati. Bwana awauza abwerere ku benchi, iwo ayankha kuti aganiza kaye.

Akuti, "Undionetse."

Ndinafunsa kuti chiyani.

"Chomwe chinandichotsa pa benchi. Ndikufuna ndichione."

Ndinatsegula, ndinakuza zilembo, ndinaloza ndi chala. Anavala magalasi, anasendeza nkhope pafupi ndi sikirini monga amachitira ndi bolodi. Sadziwa kuwerenga pulogalamu, koma anayang'ana mzere uliwonse mpaka kumapeto kwake.

"Timeneti basi?"

"Basi."

"Titatu."

"Eya."

Anapuma mpweya wautali. "Ndisindikizire papepala. Ulembe m'munsi, m'mawu omveka, kuti vuto linali ili, osati mtovu. Usaine, uike deti."

Ndinachita. Ndinafunsa ngati akufuna kukapereka kwa Bwana kapena kwina. Anapinda pepalalo kanayi, analowetsa m'kathumba ka mkati mwa chikwama, anatseka zipi.

"Ayi. Lachisanu ndinasonkhanitsa ana anga n'kuwauza kuti mayi awo akalamba, manja atha. Wamkulu analira. Ndikufuna akawerenge okha."

Anaimirira. Pakhomo anatembenuka, anayang'ana zomwe ndimalongedza.

"Chingwe chabuluucho usatenge, chimagwedera. Tenga chakuda."

Ndatenga chakuda. Basi inyamuka 9 koloko.