Epuloni ya Kafupi

Lolemba, 6 Meyi
Mutu waching'alang'ala. Choko chatha pakati pa phunziro. Ndawafotokozera ana mobwerezabwereza kuti sewero lathu si la mbale yosweka ayi, koma la funso: wantchito akadwala m'nyumba ya bwana, udindo ndi wa yani? Angondiyang'ana kukamwa yasa. Ndati basi, tilisewere pamaso pa makolo, mwina lilowa.

Lachitatu, 8 Meyi
Agawana okha mbali. Mwana wa adokotala watenga ya dona. Ya wantchito aponyera mtsikana amene amamutcha Kafupi, onse kuseka. "Ameneyu safunika kuphunzitsa, n'za m'magazi," watero wina kumbuyo. Ndamva pambuyo pake kuti mayi a Kafupi ndiwo amachapa ndi kusita kwa adokotala. Kafupi wangovala epuloni.

Lachisanu, 10 Meyi
Ndawasinthanitsa. Mwana wa adokotala wanyamula thireyi ngati ikuotcha. Kafupi pampando wa dona, mawu kumveka mpaka pakhonde. Sindinkadziwa kuti ali nawo mawu otere. Lero ndiye laphunzitsika.

Lachiwiri, 14 Meyi
Mayi a Kafupi pakhomo la ofesi, manja otuwa ndi sopo. Mpando akana. Akuti mkazi wa adokotala sakuyankha moni chiyambire Loweruka, ndipo dzulo amafunsa anthu ngati akudziwa wina wotha kusita. "Aphunzitsi, sewero lanu litha Lachisanu. Ine Lolemba ndidzuka ndi ana ofuna kudya." Ndayamba kuwafotokozera cholinga cha wolemba, ine ndi kufotokoza kwangaku. Andimvetsera mwaulemu mpaka kumapeto. Kenako: "Mumubwezere epuloni yake."

Lachitatu, 15 Meyi
Ndamubwezera. Sanafunse chifukwa. Akudziwa.
Msana ukuwawa. Makope osachonga mulu patebulo.

Lachisanu, 17 Meyi
Holo yodzaza. Mkazi wa adokotala kutsogolo penipeni, mayi a Kafupi chiimirire kukhoma la kumbuyo. Zonse bwinobwino mpaka pamene mbale imagwa, dona n'kukalipa kuti "Tola!" Kafupi wawerama. Mwana wa adokotala wamugwira mkono, wagwada yekha, watola zidutswa chimodzichimodzi. M'buku mulibe zimenezo. Sindinamuuze ine.

Ana aomba m'manja mpaka mawindo kunjenjemera. Mkazi wa adokotala sanaombe, wangokumbatira chikwama.

Funso langa layankhidwa, ndiyenera kukondwa. Koma nditacheukira kukhoma la kumbuyo ndapeza palibe munthu. Akuti mayi a Kafupi athamangira kukasita malaya a adokotala, kuti pobwera awapeze ali pantchito.