Mitambo Yatseka Kumwamba, Maso Anga Akutha

Aphungu,

Ndine telala wa zaka 58. Ndimasoka pakhonde pa sitolo ya zitsulo, pafupi ndi mkulu wokonza mawotchi. Chaka chatha mphunzitsi wina wa sayansi anabweretsa jekete kuti ndiike zipi yatsopano. M'thumba mwake munali kachithunzi ka pulaneti lozunguliridwa ndi mphete. Pomubwezera ndinamufunsa, iye n'kuti, "Ameneyu ndi Satani, bambo. Mukalowa kalabu yathu mudzamuona ndi maso anu." Nditawauza mayi a kunyumba anagwira pakamwa: "Ukalamba wonsewu mukufuna mukaone Satana?"

Umu ndi mmene ndinalowera kalabu yoonera nyenyezi. Tilipo khumi ndi awiri. Timakumana Loweruka padenga la konkire la sukulu yomwe aphunzitsiwo amagwirako ntchito. Telesikopu ndi imodzi, timachita kulandirana. Ndinaona maenje a pamwezi, ndinaonanso Jupita ndi timiyezi take tinayi titandandalika ngati mabatani a malaya. Koma Satani nthawi imeneyo anali kumbali ya dzuwa, ndipo anatiuza kuti tidikire miyezi ingapo.

Ndili kudikira choncho ndinayamba kuwombana ndi zitseko, lumo likagwa pansi osaliona. Kuchipatala anapeza matenda owononga mtsempha wa maso. Diso lamanzere latsala pang'ono kutheratu, lamanja limaona ngati ndikusuzumira m'paipi. Dokotala anati, "Mankhwala odonthezawa angochedwetsa. Zomwe zatayika sizibwerera." Nditafunsa kuti ndatsala ndi nthawi yaitali bwanji, anangoyang'ana m'faelo.

Tsopano Satani watulukira, koma mitambo yatseka kumwamba. Masabata asanu ndi awiri otsatizana takwera masitepe, kuimika telesikopu, kukhala pamabenchi titafumbata makapu a tiyi, kenako n'kupakira mvula ikuwaza. Anzanga amangoseka. Wina wogwira ntchito kubanki amati tisinthe dzina, tikhale kalabu yoonera mitambo. Sabata yatha aphunzitsi aja anati, "Musadandaule atelala, Satani sathawa. Chaka chamawa adzakhalapo." Sindikudziwa chomwe chinandigwira. Ndinawakalipira pamaso pa onse kuti ndi anthu amasewera, kalabu yawo ndi yomwera tiyi basi. Ndinatsika ndekha mumdima ndikupapasa khoma, ndipo pa sitepe yomaliza ndinagwa n'kusupuka bondo.

Palibe amene akudziwa za maso angawa. Kunyumba ndimanama kuti mankhwalawo ndi a fumbi la nsalu. Ndikuopa kuti zikadziwika mayi adzandiletsa kutuluka madzulo, makasitomala adzathawa, a kalabu adzayamba kundigwira dzanja ngati mwana. Tulo sindikupeza. Ndimadzuka n'kutsegula katani, kumwamba kuli bii ngati bulangete lonyowa, n'kubwereranso pabedi. Loweruka likubwerali ndipite ndi nkhope yanji? Kapena ndingosiya, ndivomere kuti sizinalembedwe kuti ndidzamuone?

T.W.M.

Bambo T.W.M.,

Kalata yanu yandikhudza, koma sindikunyengererani. Aphunzitsiwo sanakulakwireni. Analankhula ngati munthu amene chaka chamawa ali nacho m'thumba, chifukwa inu simunawauze kuti kwa inu sizili choncho. Anzanu akuseka mitambo poti kwa iwo n'kuchedwa chabe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo chitseko chimenechi mwachikhoma nokha.

Musadikire Loweruka. Pitani kusukuluko masana, mukawapeze aphunzitsiwo ali okha. Mukapepese mwachidule, kenako mukanene zomwe dokotala ananena, osachotsera. Mukawapemphe kuti asamangire nkhani yanu pa Loweruka lokha. Mitambo sidziwa kalendala: imatha kung'ambika Lachiwiri kwa theka la ola n'kutsekanso. Akaona mpata akuimbireni foni, ndipo pamzere wa telesikopu mukhale oyamba. Mwa anthu khumi ndi awiri sangalephere kupezeka wa galimoto. Atsatire za nyengo, ndipo tsiku lina munyamule telesikopuyo mupite kumene kwayera, ngakhale utakhala ulendo wa maola awiri. Anthu amene amakwera denga masabata asanu ndi awiri kukaonera mitambo sangakane zimenezi.

Dziwaninso kuti telesikopu imafuna diso limodzi basi, ndipo lamanja lija pakati likuonabe. Lisamaleni. Musaphonye kudontheza mankhwala ngakhale tsiku limodzi, musalumphe tsiku la kuchipatala, ndipo ulendo wotsatira mukamufunsenso dokotala funso lija mpaka atukule mutu. Za masitepe musachite manyazi. Kugwiridwa dzanja kuli bwino kuposa kuthyoka chiuno.

Sindingakulonjezeni kuti kumwamba kuyera msanga. Mwina mitambo ipambana, ndipo ngati zitatero mudzafuna anthu okhala nanu pambali, osati anthu amene munawathawa.

Chenjezo langa ndi ili: musanapite kwa aphunzitsi, khalani pansi ndi mayi a kunyumba. Lero lomwe, mukatseka makina. Adzachita mantha, mwina adzakukalipirani, ndipo za kutuluka madzulo mudzakangana ndithu. Koma nkhani ikafika kukalabu, pakhonde panu sichedwa kufika. Mkazi amene wakhala nanu zaka zonsezi akadzaimva kwa anthu apamsewu adzalira kawiri: kulira maso anu, n'kuliranso kuti munamubisira.

Aphungu