Mawu Amene Amatha Chaputala Chisanathe

Lolemba, 3 Juni

Kompyuta yajambula chaputala chonse osaduka. Koyamba. Pulogalamu yakale inkadula mphindi imodzi ikangokwana, ine n'kumalumikiza tizidutswa ngati telala wa zigamba. Wokonza mafoni wa pakona wandiikira ina. Tsopano achimwene azilandira mabuku awo msanga. Chifereni maso ndi shuga, amawerenga ndi pakamwa panga.

Ndatumiza osamvetsera.

Lachiwiri, 4 Juni

Achimwene pafoni, akufa ndi phwete: "Mphwanga, chaputalachi unayambira m'kalasi n'kukamalizira ku bala?"

Ndavala mahedifoni. Koyambirira ndine ndithu. Chapakati mawu akutulukira m'mphuno. Kumapeto munthu wina, lilime lolemera ngati wabwira ufa. Ndabwereza. Chimodzimodzi.

Maikolofoni yotchipa. Kapena kompyuta ikatentha imakoka mawu. Fani yake imalira ngati chigayo. Chifukwa chilipo, ndichipeza.

Lachinayi, 6 Juni

Kuyesa, chimodzi chimodzi.

Ndaika wailesi patsogolo pa maikolofoni kwa ola lathunthu. Mawu oyera mpaka kumapeto.

Ndapempha akazi anga awerenge chaputala chomwecho. Anyinyirika, ati mabuku anga ndi mankhwala a tulo, koma awerenga. Oyera mpaka kumapeto.

Ndabwereka maikolofoni ya wokonza mafoni, ndawerenga ine. Theka la ola lisanakwane, munthu uja wabweranso.

Si makina.

Zidutswa zakale ndinkapuma pakati pake, kusunga fayilo, kumwa madzi. Mphindi imodzi sinkatopetsa lilime. Pulogalamu yoipa ija inkandibisira.

Ndazimitsa kompyuta. Chakudya sichinalowe.

Lachisanu, 7 Juni

Piriyodi yomaliza. Ndadzimvetsera ndekha ndikuphunzitsa. Zoona. Ana akumbuyo akugwedezana. Ndamaliza phunziro ndi choko, nditawafulatira.

Zinthu zikulumikizana tsopano. Botolo lomwe wina anajambula pakona ya bolodi. Ahedi mwezi watha, kundiitana mu ofesi nditaweruka, kuyima pafupi kwambiri, mphuno ili m'mwamba. "Aphunzitsi, tonse timalawa, koma osati choko chili m'manja. Zikapitirira ndilemba kumtunda." Ine wosamwa n'komwe. Ndinati ndi nsanje. Ndinawafunsa umboni, analibe, ndinatuluka mutu uli m'mwamba.

Umboni uli pa kompyuta yanga. Ndaujambula ndekha.

Ntchito yanga ndi pakamwa. Popanda pakamwa ndine chiyani m'kalasi?

Lamulungu, 9 Juni

Ndawerenga zambiri. Matenda ofooketsa mawu munthu akayankhula nthawi yaitali alipo angapo. Ena ali ndi mankhwala, ena ayi. Sindisankha; si ntchito yanga. Ndingolemba zooneka: m'mawa bwinobwino, masana zimayamba. Nyama imanditopetsa kutafuna. Dzulo tiyi anatulukira m'mphuno. Pagalasi chikope chakumanzere chagwa pang'ono. Chinagwa liti?

Ndawafunsa akazi anga. Sanadabwe n'komwe. Amasita, sanaike ayironi pansi.

"Bambo, ndinayamba kukuuzani kalekale. Munkati chiyani? Mayi, bweretsani umboni. Kompyuta mwaikhulupirira tsiku limodzi. Mwina muikwatire, ikuphikireni."

Kenako alira. Malaya anga atsala pang'ono kupsa.

Ati nyama anayamba kale kuidula tizidutswa ting'onoting'ono. Sindinaone. Ine woona zonse.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndakopera chaputala chija pa fulashi, ndapita nacho kwa ahedi. Ndawaikira kuti amve chiyambi, kenako mapeto. Avula magalasi, awapukuta nthawi yaitali. "Pepani aphunzitsi. Ndiye titani?" Kalata yopita kumtunda inali italembedwa kale, ili mudirowa; ati aigwira kaye mpaka adokotala anene. Makalasi anga a masana apita kwa wina. Kwa kanthawi, akuti.

Achimwene aimbanso. Nthabwala zatha. "Usiye kaye kuwerenga, mphwanga." Ndati ayi, buku lili pakati. Ati mlamu wawo amawerenga bwino kuposa ine, sadzimva ngati muulutsi wa pawailesi. Taseka. Kuseka nakonso kukutopetsa.

Lachitatu, 12 Juni

Mawa kuchipatala, m'mamawa. Vuto: m'mawa ndimakhala bwinobwino. Ndikalowa ndikuyankhula ngati loya, andiyang'ana pakhosi, andipatsa mapiritsi a chimfine. Fayilo ndaikopera mufoni, koma ndi dokotala uti angamvetsere theka la ola, mzere uli mpaka panja?

Ndinyamula buku la achimwene. Ndikakhala pa benchi n'kumawerenga mokweza kuyambira pofika. Anthu akandiyese mlaliki, zilibe kanthu. Ndikalowe lilime litalema kale, adokotala akumane ndi munthu wa kumapeto kwa chaputala uja.

Akazi anga apita nane. Mawu akatha, akandiyankhulira iwowo.