Kutsitsa Vaneti Chifukwa cha Amake Jelita

Lachinayi, mwezi wa Novembala, ku Kaumbwe.

Lelo sindinakhazikike, ngakhale kudya ndadya choimilila. Mkazi wanga, amake Jelita, masiku ake ayandikila, ndipo anamwino anati mwana uyu asabadwile kumudzi. Vaneti yanga yakaleyi ndi yaitali kwa munthu woyembekezela, komanso imadumpha ngati ngolo. Masipuling'i ofewa a ku Lusaka sindingawakwanitse.

A Lungu, makanika wa ku boma, abwela ndi jeki yawo. Tachotsa chitsulo chimodzi pa sipuling'i iliyonse yakumbuyo, n'kumangilila zidutswa za tayala lakale kuti galimoto isamagunde pa ekiselo. Iwo pakamwa panali za ndale za Fedeleshoni zokhazokha, ine maso ali pansi pa galimoto.

Titamaliza, amake Jelita akwela okha osagwilidwa dzanja. Tayesa kuyenda mpaka kudambo. Iwo ati, "Bambo, lelo msana sunamve kanthu." Ndasekelela, koma pobwelela kunsi kwa galimoto kwakhula mwala. A Lungu angoti, "Tsiku lonyamula chimanga mudzandikumbuka."

Chimanga chidikile. Chondisowetsa mtendele ndi kamtsinje ka panjila ya kuchipatala ku Petauke. Mvula ikagwa, malole amakumbapo ngalande ziwili, pakati n'kutsala chitunda, ndipo vaneti yotsikayi ikhoza kukhalila pomwepo. Kum'mawa mitambo yada kale. Mailo kukacha ndilawilila ndi khasu, ndikasalaze ndekha.

Amake Jelita akundiitana panja. Akuti m'chiuno mwayamba, ndipo nditenge makiyi...