Kupitidwa Mphepo kwa a Wyson

Lolemba, 7 Julayi 1952

Mwera wamphamvu. Mabwato onse pamtunda. Ndiwo chigwada basi.

A Wyson, amene tchalitchi chimati ndi amuna anga, atha sabata chibwerereni ku Bulawayo. Anachoka mwana wathu Amosi ali kumsana, abwera Amosi ali m'manda. Katundu wawo: masutikesi awiri, galamafoni, ambulera, ndodo ya mutu wamkuwa. Mano akutsogolo anatsala komweko.

Lero atulukira chatsopano. Ati mmawa uliwonse tizikapitidwa mphepo, ine ndi iwo moyandikana, monga amachitira Azungu a mu hotela imene ankaperekeramo mbale. Ndafunsa kuti tikukatenga chiyani. Ati sitikukatenga kanthu, tikungoyenda. Munthu wamkulu kuyenda opanda mtolo, opanda wodwala wokamuona. Ndipo mphepo yake iti, yomwe yasasula denga la khitchini ija?

Ndapita. Amayi a kudziwe, kumene timaviika chinangwa, anaimika manja kutiyang'ana. A Wyson suti yaubweya, tayi, nsapato zolira pamchenga. Ine pambali ngati mbuzi yopita kumsika.

Lachiwiri, 8 Julayi

Lero ulendo wa ku Bandawe, kukaona tchalitchi chakale. Aima patsogolo pake, ndodo m'mwamba, kundifotokozera. Njerwa izi anasenza ndi bambo awo. Mawindo awa kulibe ena otero m'dziko muno. Akusonyeza ine, amene ndimasesamo Loweruka lililonse ndi amayi a Umanyano, amene ndimadziwa pamene mileme imaipitsa.

Aliyense wokumana nawo, moni wa Chitonga: "Yewo, ada." Iwo kuyankha m'Chingerezi. Ine amandiitana Jessie, ngati kamtsikana ka sukulu. Dzina la make Amosi silinatulukepo m'kamwa mwawo.

Pobwerera, mphambano ya pa mkuyu. Kumanzere njira ya kumanda a mudzi, kumanja ya kunyumba. Anayang'ana wotchi, nakhotera kumanja.

Ngakhale ine wobwera, wa ku Kotakota, mwambo wa kuno ndikuudziwa. Munthu akabwera kuulendo napeza kuti kunagwa maliro, amapempha abale amuperekeze kumanda, amusonyeze mtumbira, alire. Sapita yekha, ndipo sadikira kukumbutsidwa. Awa pa maliro a mwana wawo anatumiza bulangete. Linafika udzu utamera kale pamtumbira.

Ndatsimikiza mtima. Lole ya ku Nkhata Bay idutsa Lachisanu la sabata yamawa, sitima yopita kumwera ndikaipeza kumeneko. Achimwene ku Kotakota anati malo alipo. A Wyson akapanda kupempha okha kuwaperekeza kumanda, ndikwera. Zikutanthauza kumusiya Amosi kuno yekha, popanda womuzulira udzu. Koma kukhala nyumba imodzi ndi munthu wolambalala mwana wake, ayi. Sindiwakumbutsa.

Lachinayi, 10 Julayi

Linga. Ulendo wofewa, ati, woyenera azimayi. Ine amene ndimasenza nkhuni kuchokera kuphiri.

Lingalo ndi kamtunda ka minga, mbuzi zikudya pamwamba. Ati apa ndi pamene Atonga anatchinga Angoni, ndipo agogo awo anabaya atatu ndi mkondo umodzi. Anayerekeza ndi ambulera, tayi kukodwa mu minga. Ndinawasiya adzimasule okha.

Madzulo ndafunsa mlamu wanga Margaret, mlongo wawo. Waseka mpaka kutsokomola. Ati agogowo tsiku la nkhondo anali m'nyanja, madzi m'khosi, mphika pamutu.

Mphambano ya pa mkuyu: kumanja.

Loweruka, 12 Julayi

Lero ndiye andiwawitsa mtima.

Ku Makuzi, kumanda a Azungu a mishoni amene anatha ndi malungo kalekale. Mpanda, miyala yolembedwa. A Wyson avula chipewa asanafike n'komwe pachipata. Mwala uliwonse kuwerama, kupukuta ndi mpango wa m'thumba, kuwerenga dzina mokweza, chaka chobadwa, chaka chomwalira. Pa mwala wina apukusa mutu. "Mnyamata wamng'ono chonchi, kufera kutali ndi kwawo. Bambo ake anamva bwanji?"

Ndinaluma mlomo mpaka kumva mchere. Wanga anafera pafupi, mwera utagubuduza bwato anthu akuona, ndevu zitangoyamba kumera. Tinamutola pamiyala tsiku lachitatu. Bambo ake anamva bwanji? Anamva ngati bulangete.

Misozi ya Mzungu amene sanamuonepo ilipo. Mpango ulipo. Chitsiru chovala tayi.

Sopo watha. Ndachapa suti yawo ndi madzi okha, sanazindikire.

Lamulungu, 13 Julayi

Kutchalitchi akhala kutsogolo, kuimba kuposa aliyense, nyimbo ina ife ina.

Margaret wandipeza kuseri kwa khitchini. "Alamu, musawaone choncho. Akuopa. Njira ija amaiona." Ndayankha kuti nanenso ndinkaopa tsiku limene ndinamusambitsa ndekha, koma ndinamusambitsa. Wapempha kuti iye awauze. Ndamuletsa. Akauzidwa ndiye kuti wapempha ndi Margaret.

Lachiwiri, 15 Julayi

Ndakana kuyenda. Ndati chinangwa chafewa m'dziwe, sichidikira mbiri yakale. Apita okha.

Abwera dzuwa lili pamutu, mawondo a buluku ali dothi lokhalokha, maso ofiira. Akhala pakhonde, chipewa pabondo. "Jessie, ndakamuona mwana. Ndamuikira maluwa."

Manja anga anali mu ufa. Ndafunsa kuti wawaperekeza ndani. Ati palibe, ku Bulawayo munthu amangopita, chisoni ndi cha mwini wake. Ndafunsa kuti nanga mtumbira anaudziwa bwanji, pakuti manda a kuno alibe miyala yowerenga. Ati mtima wa bambo sungasokere.

Ndinabwerera ku ufa wanga.

Lachitatu, 16 Julayi

Mtima wa bambo.

Kutacha a Frackson a kutsidya kwa dziwe ali pakhomo ndi abale awo, nkhope zolimba. Mtchona wovala suti anaonedwa akulowa kumanda yekha masana, akugwada, akuyankhula ndi dothi. Akuluakulu atapita kukaona, apeza chitini cha maluwa ofiira a kumpanda wa mishoni pa mtumbira wa khanda la a Frackson, lomwe linamwalira mvula yathayi lisanamere mano. Mkazi wawo ngoyembekezera tsopano, usiku wonse sanagone, akuti amuikira mankhwala.

Mlandu pakhonde pathu. A Wyson kuyamba ndi Chingerezi, kenaka Chingerezi kuthawa. Afunsidwa kuti pa mitumbira yonse ija anasankhiranji umenewo. Ayankha motsitsa, "Unali waung'ono. Ndimafuna waung'ono."

Apepesa ndi tambala wanga wofiira uja, amene ndinkasungira Khirisimasi.

Ndinalowa m'khitchini kuti ndikaseke. Mtchona wodziwa njerwa za tchalitchi, linga, mayina a Azungu ndi zaka zawo, kukalira pa khanda la eni ake! Kuseka kunayamba bwinobwino, koma kunathera kwina. Kalata tinawalembera, msinkhu wa mwana ankaudziwa. Komabe anapita kukafuna kamwana kamene anakasiya kumsana kwanga. Amosi wosema bwato, wodya kondowole wa anthu awiri, woimba besi, ameneyo sanakumane naye.

Chisoni n'chawo. Sanapemphebe.

Lachinayi, 17 Julayi

Lero kulibe kupitidwa mphepo. Ndodo ili pangodya. Galamafoni chete.

Ndamanga phukusi: nsalu, Baibulo, malaya a Amosi a kaki, ufa wa panjira. Ndamangira pakhonde, poonekera. Anayang'ana, nayang'ana kunyanja. Nkhuku ndauza Margaret atenge.

Ndinafuna kukamutsanzika mwana. Sindinapite.

Lachisanu, 18 Julayi

Mmawa phukusi pamutu. Ndikutuluka, ndawapeza aima pabwalo. Opanda jekete, opanda tayi, mapazi pansi, oyera ngati chinangwa chosenda. Ndodo yokha m'manja.

"Make Amosi, sindikudziwa pamene mwana wanga wagona. Ndiperekezeni."

Ndinafuna kunena kuti lole sidikira munthu. Ndinafuna kunena zambiri, zimene ndakhala ndikunola zaka zonsezi. Ndinangotula phukusi pakhomo, n'kuitana Margaret ndi amalume awo, kuti zichitike monga zimachitikira.

Ine kutsogolo, iwo kumbuyo. Minga inawabaya, sanadandaule. Pa mkuyu, kumanzere. Panalibe chofotokoza ndi ndodo.

Ndinaloza. Anayang'ana kumutu, anayang'ana kumiyendo. Anagoneka ndodo yawo m'mbali mwa mtumbira, inaperewera. Anaisuntha, n'kuyezanso.

"Anali wamtali chonchi?"

Ndinati pakhomo pamene inu mumalowa chilili ndi chipewa chomwe, iye ankawerama.

Kulira kumene analira sikunali kwa mpango. Koipa, kokhadzula, m'Chitonga chokhachokha, nkhope m'dothi. Margaret anawagwira mapewa. Ine ayi. Ndinkazula udzu kumutu kwa mwana wanga, ndipo hutala ya lole ndinaimva bwinobwino ikulira kusitolo, kawiri.

Sindinawakhululukire. Tambala wanga sabwera, zaka zija sizibwera. Phukusi lili pomwepo pakhomo, sindinamasule, sitima imadutsanso.

Akuti mawa ndikawasonyeze pamene Amosi ankakokera bwato lake, ndi benchi imene ankakhala posukulu, ndi mtengo wa mango umene anagwamo n'kuthyoka dzanja. Ati tiziyenda pang'onopang'ono, ine ndizifotokoza.

Ndati ndiona kaye chinangwa changa.