Chingwe Chodutsa Pabwalo

Makhanga,
Nsanje.

Okondedwa azakhali a Juliana,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu ku Mzuzuko. Kodi mawondo aja akukulolani kupita kutchalitchi? Nanga abambo a Zikani chifuwa chija chinawasiya? Kuno tonse tili bwino, kungoti dzuwa lafika poti nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa. Mbatata zakudimba zachita bwino, moti chaka chino nyika, timizu ta m'dambo tija, tikungodya mwachilakolako, osati chifukwa cha njala.

Kalatayi ndalemba dala. Pafoni inu simupatsa munthu mpata. Tsiku lija munalankhula, kulamula, n'kudula, ine ndisanameze ndi malovu omwe. Pepala lokha simungalidule mawu.

Nkhani ndi ya alongo anu, bambo anga a Geresomo, ndi mpongozi wawo Kila, mkazi amene Sebastiano wathu anabwera naye kuchokera ku Papua New Guinea kumene ankaphunzitsa kuja. Inu simunamuonebe, mwangomva za anthu. Ine ndimadya naye mbale imodzi, ndiye mundimvere.

Mlamu wangayu ndi munthu wosavuta. Chichewa chikubwera pang'onopang'ono, koma Chisena amangodziwa liwu limodzi, takhuta, ndipo amathokoza nalo aliyense mpaka mbuzi ikamupatukira panjira. Tsiku lina anatiphikira zakwawo. Anakumba dzenje, kuwotcha miyala, kukulunga nkhuku ndi mbatata m'masamba a nthochi n'kukwirira. Mukudziwa kuti kuno mwala ndi wosowa, ndiye Sebastiano anachita kukaitenga panjinga kumtunda, anthu akumufunsa ngati wayamba kumanga. Kila tinamuseka, koma pofukula palibe amene anatsala kumbuyo.

Panopa Kila ndi woyembekezera, ndipo masiku ake asendera. Kwawo mwana wakhanda samuberekera m'chitenje ngati ife. Amamugoneka m'thumba loluka ngati ukonde, amati bilumu. Lamba wake amamukoleka pamphumi, thumbalo n'kugwera kumsana. Akafika kumunda amalipachika panthambi, kamphepo n'kumalowa m'maso a thumbamo. Ndi kutentha kwa kunoku, ine sindinaone chopusa pamenepo.

Iye akuti pabanja pawo, thumba la mwana woyamba chingwe chake amapota kholo, mwini mimba n'kumaluka. Mayi ake ali kutsidya kwa nyanja. Kila anayesa ulusi wa pamsika koma anaumasula, ati thumba lake likuoneka ngati la munthu wopanda kwawo. Kenako anadula khonje wa kumpanda n'kuyamba kupota yekha pantchafu. Mimba inkamuletsa kuwerama, khonje n'kumamuyabwa. Ndinamupeza kuseri kwa nyumba akupukuta misozi, ndipo zinandikhudza kwambiri.

Tsono alongo anu mukudziwa mmene analili. Chimwalirireni amayi, madzi osefukira aja n'kudzatenganso bwato ndi maukonde awo onse, munthu ankangokhala pansi pa mtengo wa nimu kuyang'ana zala zake. Chakudya ankangochilawa. Ukawafunsa chikuwawa n'chiyani, ankati palibe.

Tsiku limene Kila ankaliralo, bambo anamuona akupota. Anandiitana n'kundinong'oneza kuti ndikafunse apongozi kuti ntchito ya asodzi anawaphunzitsa ndani. Kila anayankha kuti kwawo mwamuna wopota chingwe pantchafu angasekedwe mudzi wonse, imeneyo ndi ntchito ya amayi. Azakhali, bambo anaseka mpaka kutsokomola. Ndinali nditaiwala kuti amaseka choncho.

Kutacha ndinawapeza atadula khonje mtolo, akupala ndi mpeni wawo wakale uja. Anatsuka, kuyanika, kukwinya buluku mpaka m'ntchafu n'kuyamba kupota. Nditamupititsira Kila kachingwe koyamba, anakakoka ndi manja onse, kukakhudzitsa patsaya, n'kunena takhuta wake uja, ulendo uno pamalo pake.

Tsopano apa ndi pamene mwanamizidwa. Amene anakuuzani kuti bambo akukhala mphasa imodzi ndi mpongozi wawo, ndipo ndikumudziwa, ndi uja amabweretsa nsomba zouma kumeneko, ananama. Mwambo sunaphwanyidwe ngakhale pang'ono. Bambo amakhala pansi pa nimu, Kila pakhonde la nyumba yake, pakati pawo bwalo lonse. Chimene chimadutsa pabwalopo ndi chingwe basi. Iwo akupota uku, iye akukoka uko, kudula chomukwanira n'kumaluka. Chikachepa amachigwedeza, bambo n'kuchimasulira.

Sayang'anana. Akafuna kulankhula amadzera mwa ine, ngakhale onse akumvana bwinobwino. Bambo amati ndiwauze apongozi kuti maso a thumbalo akula, mwana angatulukiremo ngati kansomba. Kila amati ndiwauze bambo kuti mwana si nsomba, sasambira. Ine ndasanduka wa mtengatenga pabwalo pa bambo anga omwe, ndipo sindikudandaula.

Ana a m'mudzi anazolowera kulumpha chingwecho, nkhuku zimadutsa pansi. Bambo anayambanso kuimba nyimbo zawo zopalasira bwato, Kila n'kumayankha ndi zakwawo zimene palibe akuzimva. Madzulo bambo ankafunsa okha ngati kwapsa. Anafika mpaka potuma mwana kukagula lumo kuti amete ndevu.

Ndiye kunabwera foni yanu yoletsa chingwe ija. Mukudziwa kuti bambo sakutsutsani inu kuyambira ali mwana. Anangokulunga chingwe n'kuchisomeka kudenga. Kila anamva kuti walakwira akuluakulu, anapinda thumba lake n'kuliika pansi pa pilo. Lafika theka. Mwana angakwanemo miyendo yokha.

Koma musadandaule kuti abwerera kukhala chete kuja. M'mawa uliwonse akudulabe khonje, kupala, kupota, ati ndi zingwe zomangira mbuzi. Azakhali, mbuzi tili nazo ziwiri. Chingwe chimene chili kudengako chingamange mbuzi za boma lonse la Nsanje, ndipo n'chosalala moti mbuzi ingachite manyazi kuchivala.

Pempho langa ndi ili. Inu ndinu wamkulu amene mwatsala pamtundu pathu, ndipo mwambo womasula apongozi kuti azilankhulana uli m'manja mwanu, monga munachitira kwa abale athu a Limbani ndi mpongozi wawo. Bwerani mudzachite. Nkhuku ndasankha kale, yathadzi yonenepa, ndikuidyetsa madeya payokha. Ufa wa mapira woika m'mbale uliponso. Ngati mawondo akana ulendo, imbani foni muwauze alongo anu liwu limodzi lokha, kuti chingwe chidutsenso pabwalo. Ndikuopa kuti mwana angabadwe thumba lisanathe, ndipo Kila chimenecho chidzamupweteka moyo wake wonse.

Pali chinanso chimene Kila anandipempha kuti ndisanene, koma mukundidziwa. Ngakhale thumba litatha, lamba akufuna kumusiya osaluka mpaka mutafika. Akuti mayi ake kulibe, ndiye woyamba kunyamula mwanayo akhale mayi wamkulu wa kuchimuna, ndipo lambayo ayenera kuyezedwa pamphumi panu. Anandifunsa ngati ndinu wamtali. Ndinamuuza kuti ndinu wamfupi, mawu okha ndiwo aatali. Mundikhululukire.

Mu envulopumu mupezamo kachingwe. Mbali ina anapota Kila tsiku lija ankalira, mbali ina anadzapitiriza bambo nditawapatsa kachingwe kakeko. Inu munakulira pakhomo pa woluka maukonde, ndipo mumati dzanja la alongo anu mungalizindikire ngakhale mutatsinzina. Kagwireni, mukayendetse m'zala, mupeze pamene wina walekezera ndi pamene wina wayambira. Ine ndafufuza mpaka maso kuwawa, ndalephera. Mukapapeza, sindidzakuvutitsaninso. Mukalephera, kwerani basi, Sebastiano adzakuchingamirani ndi njinga yomwe inanyamula miyala ija.

Mundiperekere moni kwa abambo a Zikani, kwa Zikani ndi mkazi wake, ndi kwa tidzukulu tonse. Sebastiano akupereka moni. Kila akuti takhuta, ngakhale simunachite kanthu panobe. Bambo sakudziwa kuti ndalemba, koma pamene ndimadula kachingweka anayang'ana kumbali nthawi yaitali, kenako anandiponyera mpeni wakuthwa.

Mulungu akusungeni ndipo akupatseni mawondo a ulendo.

Ndine mwana wanu,
Jesinta