Madontho Atatu Pansi pa Bakuli

Lolemba, 9 Seputembala 2024

Kabati ya galasi ndayitsegula lero. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndikungoyipukuta kunja! Mafulasiki anayi. Matambula osamwerapo munthu. Mawotchi a pakhoma awiri, onse akufa. Zonsezi mphatso za pa khitchini pate yanga, 2001. Ndinkazisungira alendo olemekezeka. Alendowo sanafike, tsitsi lachita imvi.

Ndatsimikiza: zituluke. Nyumba ipume. Mtima ukudumphadumpha ngati wa mwana wasukulu tsiku lotsekera.

Lachitatu, 11 Seputembala

Fulasiki imodzi kwa Edina woyandikana nafe, wavina pakhomo. Matambula ku chigwirizano cha amayi. Pabalaza pakuwala.

Kuseri kwenikweni ndapeza mabakuli atatu a maluwa obiriwira, okulungidwa m'nyuzipepala yachikasu. Okongola zedi. Loweruka kuli khitchini pate ya Cynthia ku Sinda, mwana wa Ottilia, mnzanga wa pa benchi imodzi kuyambira giredi wani. Mphatso ndi imeneyi!

Bambo a m'nyumba, a Yotamu, akuti: “Mphatso ili ndi maso, imadziwa kwawo. Anakupatsani ndani?” Sindikukumbuka. Tsikulo ndinali wofunditsidwa chitenje, mutu pansi, sindinaone nkhope ya munthu.

Lachisanu, 13 Seputembala

Ndakulunga. Pepala lonyezimira la pa msika wa Katete. Sindinatsuke n'komwe, ndangopukuta mkati.

Kamantha pang'ono. Ku pate amatsegula mphatso pamaso pa onse, wopereka n'kuvina, n'kufotokoza ntchito yake. Mwini wake atakhalapo? Ottilia atamva kuti mwana wake ndam'patsa zotsala za m'kabati, chinzathu cha zaka makumi anayi chingapirire? Aa, ndani angakumbuke bakuli la 2001. Chiuno ndachiyeserera pagalasi. Chikadalipo!

Loweruka, 14 Seputembala



Ng'oma, nthungululu, ine pakati. A matroni, otsogolera mwambo, anatsegula mphatso yanga, anakweza bakuli m'mwamba, n'kulitembenuza kuti onse aone. Pansi pake madontho atatu a penti yofiira. Chizindikiro chija azimayi amaika pa ziwiya kuti zisasokonekere ku maliro. Ine pokulunga sindinayang'aneko pansi pake. Chiuno chinauma.

Ottilia anaimirira. Anabwera, analanda bakulilo, n'kuyang'anitsitsa madonthowo. Ndinafuna nthaka ing'ambike.

Kenaka: “Iwe Vainess, mfiti iwe! Mabakuli a amayi anga!”

Anandipatsa ndi iyeyo. Wandiuza kuseri kwa tenti, akulira n'kuseka pamodzi. Chaka chimenecho analibe chopereka, anangotenga m'nyumba mwa amayi ake osapempha. Amayi akewo anawafunafuna mpaka kukangana ndi apongozi awo. Amayi ake atamwalira, katundu anagawidwa kwa abale a ku Vubwi, Ottilia sanatsale ndi kanthu, ngakhale supuni. Kundipempha ankachita manyazi. Akabwera kwathu ankangosuzumira pagalasi, osawaona.

Cynthia wakumbatira mabakuliwo pachifuwa. Iye sanawaonepo agogo akewo.

Lolemba, 16 Seputembala

Ottilia waimba m'mawa. Akuti ndine waulesi, zaka zonsezi osaikamo ngakhale chigwada. Akubwera Lachinayi kudzaona zotsala m'kabati, “mwina muli zinanso zimene ndinaba.”

A Yotamu akungoyenda monyada, akuti ananena.

Ndatulutsa zonse, ndayala pa mphasa. Ndikutembenuza chimodzichimodzi. Pansi pa thireyi yamalata pali kamtanda ka penti yoyera. Chizindikiro ichi ndikuchidziwa. Cha malemu mchemwali wanga Mwandida.

Iyi yokha sipita. Tiyi wa mawa ndi pomwepa.